Musanalipire pulogalamu yoyendetsa ntchito, tsatirani kaye oda imodzi

Mayi wina amene ali ndi bizinesi yopikulitsa sopo, mafuta ophikira, shuga ndi mchere ku Limbe wafunsa motere: "Maoda a eni magolosale amabwera pa WhatsApp, pafupifupi 60 patsiku. Ena amalipira pa Airtel Money, ena pa Mpamba, ena kubanki, ndipo ena amatenga pangongole. Kalaliki wanga amakopera zonse mu Excel madzulo, koma mwezi uliwonse pamapezeka maoda oiwalika komanso ndalama zolowa zosadziwika mwini wake. Mwana wanga akuti ndilipire Zapier, pamene mnzanga akuti ndiike Odoo. Ndisankhe iti?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, lomwe mwalifotokoza bwino moti munthu akutha kuiona shopuyo ngakhale sanafikeko. Mwana wanu ndi mnzanuyo sakutsutsana kwenikweni, chifukwa atchula zinthu ziwiri zogwira ntchito zosiyana. Zapier ili ngati mnyamata wa kabaza, amene amanyamula chimene mwamupatsa kuchoka apa kukachitula apo, koma sasunga katundu ndipo alibe buku la maakaunti. Odoo ndiye sitolo yokhala ndi mashelefu ndi mabuku ake, momwe sitoko, mainvoisi ndi ngongole zimakhala pamodzi. Bizinesi ina imafuna wonyamula, ina imafuna sitolo, ndipo ina sinakonzeke kulandira chilichonse mwa ziwirizi. Pa zimene mwalemba, ndikuona kuti yanu ili m'gulu lachitatuli pakadali pano, ngakhale kuti kutulukamo sikungakutengereni miyezi yambiri.

Mapulogalamu olumikiza ntchito alipo angapo. Zapier inayambira ku Missouri m'dziko la America mu 2011. Make ndi ya ku Prague, ndipo inkatchedwa Integromat mpaka mu 2022. Palinso n8n ya ku Berlin, yomwe inayamba mu 2019, ndi Power Automate ya Microsoft, yomwe poyamba inkatchedwa Flow. Onsewa amagwira ntchito mofanana. Pamakhala chochitika chimodzi chodzutsa ntchito, chimene eni ake amachitcha trigger, monga kulowa kwa mzere watsopano mu tebulo la maoda, ndipo chikachitika pulogalamu imatsata masitepe amene munaiuza: ilembe invoisi, iuze wa kusitoko, itumize uthenga kwa kasitomala. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti pulogalamuyi imanyamula zinthu zokhazo zimene zalembedwa kale mwadongosolo, ndiponso zili pamalo pamene ingathe kuzifikira kudzera pa intaneti. Fayilo ya Excel imene ili mu laputopu ya kalaliki wanu siingafikiridwe ndi Zapier. Iyenera kukhala pa OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti, kapena musamukire ku Google Sheets, yomwe ili ngati Excel ya pa intaneti, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito Power Automate, zolembedwazo ziyenera kukhala mu tebulo lokonzedwa, osati zomwazika m'mabokosi monga mmene makalaliki ambiri amachitira.

N'chifukwa chake ndikupemphani kuti musanatulutse khobidi, mutenge pepala ndi cholembera n'kutsatira oda imodzi kuyambira pamene foni yalira mpaka pamene ndalama yalowa ndipo katundu wafika kugolosale. Pa sitepe iliyonse lembani amene amagwira ntchitoyo, chimene amayang'ana, ndi kumene amachilemba. Chitani izi ndi maoda a mtundu wosiyana: ya munthu wolipiriratu, ya wotenga pangongole, ya amene wasintha maganizo galimoto itanyamuka kale, ndi ya amene walipira theka. Mukatero mupeza kuti vuto lanu lalikulu lili pamalo awiri okha, polowera oda ndi polowera ndalama, ndipo pamalo onse awiriwa mapulogalamu otchuka aja ndi ofooka kuno kwathu.

Tiyambe ndi polowera oda. WhatsApp Business imene ili pa foni yanu, yomwe inatuluka mu 2018 ndipo ndi yaulere, siilumikizika mwachindunji ndi Zapier kapena Make. Kuti mauthenga azilowa okha mu pulogalamu ina, pamafunika njira ina ya kampani ya Meta, eni ake a WhatsApp, yotchedwa WhatsApp Business Platform, imene imafuna kuti mulembetse bizinesi yanu ndipo ili ndi malamulo ake. Kasitomala akakulemberani mumakhala ndi maola 24 omuyankha momasuka, koma nthawiyi ikatha mungamulembere pogwiritsa ntchito mauthenga okhawo amene Meta inawavomereza kale, ndipo mauthenga oterewa amalipiridwa. Pali anyamata ena amene angakuuzeni kuti adzalumikiza nambala yanu mwachidule pojambula QR code, popanda zolembetsa zonsezi. Njira imeneyo ndi yosaloledwa ndi Meta, ndipo nambala ikhoza kutsekedwa. Kwa inu nambala imeneyo ndiyo khomo la shopu, choncho musaiike pachiswe pofuna kupulumutsa ndalama zochepa.

Ngakhale mutalumikiza zonse movomerezeka, pali vuto lina limene ogulitsa mapulogalamu satchula. Mwini golosale wa ku Bangwe kapena ku Ndirande salemba oda ngati fomu. Amajambula mawu pa foni, kuli phokoso la msika, n'kunena kuti, "Mayi, mundiikire makatoni atatu a sopo uja wa dzana, mafuta aang'ono aja mabelo awiri, shuga monga mwa masiku onse." Kalaliki wanu amadziwa sopo wa dzana, amadziwanso kuti kwa munthu ameneyu "monga mwa masiku onse" ndi mabelo asanu, pamene kwa wina ndi limodzi. Pulogalamu siidziwa zimenezi. Mudzamva kuti makina a AI akhoza kumvetsera mawuwo n'kuwasandutsa oda, ndipo nthawi zina amayesadi, koma pa Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi komanso mayina a katundu a pamsika amalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake ndi galimoto yopita ku Thyolo ndi katundu wosayenera. Malangizo anga ndi akuti munthu akhalebe pakhomo limeneli, koma asinthe nthawi ndi malo olembera. M'malo mokopera madzulo atatopa, kalaliki alembe oda nthawi yomweyo imene yafika, mu fomu ya pa foni monga ya Google Forms, momwe dzina la kasitomala ndi la katundu amangosankha pa mndandanda osati kulemba pamanja. Oda ikalowa kamodzi mwadongosolo chotere, zotsatira zonse makina akhoza kuzigwira. Maoda oiwalika amene mukudandaula nawo ambiri amasowera pakati pa m'mawa ndi madzulo, ndipo kusintha kumeneku sikufuna kulipira aliyense.

Polowera ndalama ndi povuta kwambiri, ndipo ndi pamene ndikufuna mukhalepo tcheru. Mapulogalamu akunjawa anakonzedwa poganizira njira zolipirira monga Stripe, yomwe siilembetsa mabizinesi a ku Malawi. Musayembekezere kuti mupeza Airtel Money kapena Mpamba zili zokonzeka kale mongodina. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kukhala ndi akaunti ya bizinesi ku Airtel ndi ku TNM, osati kulandirira ndalama pa nambala yanu kapena ya kalaliki, kenako tsiku lililonse kutenga sitetimenti n'kuiika mu tebulo kuti pulogalamu iyerekeze ndi maoda. Yachiwiri ndi kudzera ku makampani olandirira ndalama m'malo mwa amalonda, monga PayChangu, amene makina awo amatha kudziwitsa pulogalamu yanu nthawi yomweyo ndalama ikalowa. Chidziwitso chimenechi amachitcha webhook, ndipo Make, n8n ndi Zapier zonse zimatha kuchilandira, ngakhale kuti ku Zapier chili m'gawo lolipira. Njira yachiwiriyi ndi yachangu, koma kampaniyo imadula kangachepe pa ndalama iliyonse, ndipo pa katundu ngati shuga, amene phindu lake ndi lopyapyala, muyenera kuwerengera bwino musanavomere. Funsaninso ngati kampaniyo ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi.

Chimene simuyenera kuchita ndi kulola makina kutulutsa katundu chifukwa choti kasitomala watumiza chithunzi cha uthenga wolipirira. Tonse tikudziwa za mauthenga abodza ooneka ngati achokera ku kampani ya foni, ndipo chithunzi n'chosavuta kuchikonza kusiyana ndi uthengawo. Umboni woti ndalama yalowa uzichokera ku akaunti yanu yokha, ndipo nambala ya transaction iliyonse igwire ntchito kamodzi.

Pano ndikufotokozereni cholakwa changa. Ndinathandiza bizinesi ina ku Lilongwe yogulitsa zakudya za nkhuku kukonza makina okumbutsa angongole Lolemba lililonse m'mawa. Ndinauza pulogalamu kuti izindikire wolipira poyang'ana nambala ya foni. Sindinaone kuti m'mabuku awo nambala imodzi inalembedwa m'njira zitatu: pena kuyamba ndi 088, pena ndi +265, ndipo pena Excel inali itachotsa ziro woyambirira chifukwa inkayesa kuti ndi nambala yowerengera. Kuwonjezera apo, alimi ena ankalipira ndi foni ya akazi awo kapena kudzera kwa ejenti wa pamsika. Lolemba loyamba, uthenga wokumbutsa ngongole unapita kwa anthu angapo amene anali atalipira kale, ndipo bambo wina amene anagula pamalopo kwa zaka zambiri anabwera yekha ndi malisiti m'manja, atakwiya kwambiri. Pulogalamu sinalakwe, inachita ndendende zimene ndinaiuza. Tinakonza popatsa kasitomala aliyense nambala yake yaifupi yoti azitchula polipira, ndiponso poika lamulo loti ndalama iliyonse yosadziwika mwini wake ipite pa mndandanda wapadera woti munthu auyang'ane asanatumize chikumbutso chilichonse. Ndalama zanu zosadziwika mwini wake zimachokera komweku, ndipo mankhwala ake ndi omwewa.

Tsopano za mtengo, zomwe ogulitsa amazionetsa mokopa. Musayang'ane mtengo wa pamwezi umene walembedwa ndi zilembo zazikulu, koma funsani chimene akuwerenga. Zapier imawerenga sitepe iliyonse imene yagwira bwino ntchito, ndipo amaitcha task. Ndi maoda 60 patsiku kwa masiku 26, muli ndi maoda 1,560 pamwezi, ndipo ngati oda iliyonse ili ndi masitepe anayi, monga kulemba invoisi, kuchotsa pa sitoko, kuuza dalaivala ndi kuuza kasitomala, ndiye kuti mwagwiritsa ntchito 6,240, pamene gawo laulere la Zapier limapereka 100 zokha. Make imawerenganso sitepe ndi sitepe, koma gawo lake laulere limafika 1,000 ndipo mtengo wa sitepe imodzi umakhala wotsikirapo. Kawerengedwe ka n8n ndi kosiyana, chifukwa imawerenga ulendo wonse, kuyambira sitepe yoyamba mpaka yomaliza, ngati chinthu chimodzi, kotero maoda anuwo angakhale 1,560 ngakhale masitepe atakhala khumi, ndipo mukaiika pa seva yanu, kutanthauza kompyuta imene pulogalamuyo imakhalamo ndi kuyenderamo, simulipira chiphaso pa ntchito za mkati mwa bizinesi yanu.

Mitengo yonseyi ili m'ndalama zakunja, ndipo inu amene mumapikula katundu mukudziwa bwino tanthauzo lake kuposa ine. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene ankalipira madola 20 pamwezi anagona akulipira K23,600 n'kudzuka akulipira K34,000, pulogalamu ili yomweyo. Choopsa china ndi khadi ya kubanki imene mumalipirira. Chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki amaika malire pa zolipira za kunja, ndipo khadi ikakanidwa kangapo akaunti imatsitsidwa kapena kuimitsidwa, ntchito n'kuima mwakachetechete popanda wokuuzani. Musanasankhe, pitani kubanki kwanu mukafunse malire a khadi yanu, ndipo ngati n'kotheka lipirani chaka chonse nthawi imodzi pamene ndalama yapezeka. Ngati bizinesi yanu imalipira kale Microsoft 365, yang'anani kaye Power Automate, chifukwa zolumikizira zake wamba zimabwera ndi chiphaso chimenecho, ngakhale kuti zina, kuphatikizapo yolankhulana mwachindunji ndi makina a makampani ena, zimafuna chiphaso chowonjezera.

Anthu ena akamva kuti n8n ikhoza kuikidwa pa kompyuta ya muofesi kwaulere amasangalala msanga. Ganizirani zimene zidzachitike magetsi akazima kwa maola asanu ndi limodzi, kasitomala n'kulipira nthawi yomweyo. Chidziwitso cha ndalamayo chidzagogoda pakhomo lotseka, ndipo ngati wotumizayo sabwereza mokwanira, chidzatayika. Ngati mwasankha n8n, ikani pa seva yobwereka imene siizima, ndipo dziwani kuti pafunika munthu woisamalira, woikonzanso ikatuluka yatsopano ndi wosunga makope a zolembedwa. Kumbali ya kushopu ndi kwa madalaivala, yesani fomu yanu pamalo pamene netiweki ndi yovuta. Google Forms imafuna intaneti kuti itumize, pamene mapulogalamu ngati AppSheet ndi KoboToolbox amasunga zolembedwa pa foni n'kuzitumiza netiweki ikabwera. Kwa dalaivala amene akutula katundu kumidzi ya ku Mulanje, kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa china chilichonse chimene chalembedwa pa tsamba la mitengo.

Nanga Odoo ya mnzanu uja? Ndi pulogalamu yabwino ya ku Belgium, yomwe inayamba mu 2005 ndi dzina la TinyERP n'kudzatchedwa Odoo mu 2014. Ili ndi mtundu waulere wotchedwa Community ndi wolipira wotchedwa Enterprise, umene mtengo wake umatengera chiwerengero cha anthu oigwiritsa ntchito, ndipo gawo lathunthu la maakaunti lili mu wolipirawo. Inzake ndi ERPNext ya ku Mumbai m'dziko la India, imene ndi yaulere yonse pamodzi ndi maakaunti ake. Ubwino wa mapulogalamu amenewa ndi wakuti oda, sitoko, invoisi ndi ngongole zili m'nyumba imodzi, kotero zambiri zimene mukanalipira wonyamula zimachitika zokha mkati. Koma mawu akuti yaulere asakupusitseni. Ndalama zenizeni zimapita kwa munthu woikonza kuti igwirizane ndi bizinesi yanu, kulowetsa katundu yense ndi miyezo yake, kuti katoni ili ndi zidutswa zingati ndipo belo ili ndi mapaketi angati, komanso kuphunzitsa antchito. Ndaonapo mabizinesi amene anaika pulogalamu yotereyi sitoko yawo isanawerengedwe bwino, ndipo patatha miyezi itatu antchito anabwerera ku kope lachikuto cholimba chifukwa manambala a mu kompyuta sankagwirizana ndi za pashelefu.

Ngati munalembetsa VAT, pali funso limene liyenera kubwera patsogolo pa mafunso onse a mtengo. Mu 2014 amalonda a VAT anayamba kutulutsa malisiti pa makina a msonkho otchedwa EFD, ndipo bungwe lotolera misonkho la MRA labweretsa njira yatsopano ya mainvoisi a pakompyuta yotchedwa EIS. Aliyense amene akukugulitsani pulogalamu yolemba mainvoisi akuonetseni, ndi maso anu, mmene invoisi yake imafikira ku MRA. Akangonena kuti zimenezo tidzakonza pambuyo, dziwani kuti kalaliki wanu azidzalemba invoisi iliyonse kawiri. Kumbukiraninso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, limene MACRA ikuliyang'anira. Mayina, manambala a foni ndi ngongole za makasitomala anu ndi zinthu zotetezedwa ndi lamuloli, choncho musadutsitse mu mapulogalamu akunja zinthu zimene ntchitoyo sikuzifuna, ndipo musalole kuti antchito onse aziona zonse.

Chinthu china chimaoneka chaching'ono mpaka tsiku limene chavuta. Maakaunti onse, a Google, a Make, a Meta ndi a seva, atsegulidwe ndi imelo ya bizinesi imene pasiwedi yake muli nayo inuyo. Mwana wanu akhoza kukonza zonse bwino, koma mawa akapeza ntchito ku Johannesburg kapena akapita kusukulu, simuyenera kumuimbira usiku kuti akuuzeni nambala yachinsinsi imene yabwera pa foni yake. Alembenso papepala, m'mawu osavuta, chimene ulendo uliwonse wa makina umachita ndi mmene mungauzimitsire. Ndipo ulendo uliwonse ukhale ndi sitepe yokuchenjezani ukalephera, chifukwa makina akaima sadandaula ngati munthu.

Kunena mosapita m'mbali, ndikanakhala inu sindikanalipira Zapier pa kuchuluka kwa maoda anu, ndipo sindikanaika Odoo chaka chino. Mwezi woyamba ndikanasamutsa mabuku kupita ku Google Sheets, kupatsa kasitomala aliyense nambala yake, kuyeretsa mayina a katundu, ndi kuyambitsa fomu yolembera oda nthawi yomweyo. Mwezi wachiwiri ndikanatsegula maakaunti a bizinesi a Airtel Money ndi Mpamba, n'kuyesa ulendo umodzi wokha pa gawo laulere la Make: madzulo alionse pulogalamu iyerekeze sitetimenti ndi maoda, n'kukutumizirani mndandanda wa zimene sizikugwirizana. Muukonze kuti uziyenda kamodzi patsiku osati pa oda iliyonse, ndipo muziyang'ana mmene ukudyera gawo laulerelo. Kwa masabata anayi kalaliki apitirizebe njira yake yakale pambali, kuti muziyerekeza ziwirizi. Mauthenga opita kwa makasitomala, makamaka okumbutsa ngongole, abwere pomaliza, ndipo poyamba munthu aziwaona asanapite.

Nthawi ya Odoo kapena ERPNext idzakwana pamene mwatsegula malo achiwiri osungira katundu, kapena pamene anthu oposa atatu akulimbirana tebulo limodzi n'kumafufutirana zolembedwa, kapenanso pamene mukufuna kudziwa phindu la mtundu uliwonse wa katundu osadikira kutha kwa mwezi. Tsiku limenelo mayina a makasitomala, miyezo ya katundu ndi mbiri ya ngongole zidzakhala zili kale m'tebulo loyera, ndipo wokonza pulogalamuyo adzangozilowetsa, m'malo mokulipiritsani masabata angapo akufufuza m'makope kuti sopo wa dzana ndi uti.